FUNSANI AMALUME: Za Gurnah, mtchona wa ku Zanzibar uja

Mwezi wathawu ndinangotchulako dzina la Abdulrazak Gurnah modutsa, mzere umodzi basi, pamene ndimayankha mayi uja amafunsa za mabuku a pa kaunjika. Aaa koma mauthenga omwe abwera, mpaka foni kutentha. Ena kufunsa zenizeni, ena kungofuna mkangano, wina mpaka kundipempha nambala ya mkuluyu kuti akamudandaulire za fizi kkkk. Ndasankhapo ochepa, enanu pepani tsamba ndi lomweli.

FUNSO: Amalume, aphunzitsi athu anatiuza kuti munthu wa ku Tanzania anawina Nobel ya zolembalemba mu 2021, koma nditafufuza pa foni ya asisi ndapeza akuti ndi wa ku Britain. Ndiye akunama ndani? Nanga dzina lakelo bwanji likumveka ngati la Mwarabu?
Wa Fomu 4, Dedza

Mwanawe, palibe akunama. Aphunzitsi ako akunena zoona, foni ya asisi akoyo ikunenanso zoona, kungoti nkhani yake ndi yokhotakhota.

Gurnah anabadwa pa 20 Disembala 1948 pa chilumba cha Zanzibar, ndipo nthawi imeneyo dziko loti Tanzania kunalibe. Zanzibar inali ndi mfumu yakeyake, sultani, Angerezi ali pamwamba pake, pomwe Tanganyika inali payokha kumtunda. Anakula akuyankhula Chiswahili m'banja la Chisilamu, ndipo za dzinalo khutu lako silinakunamize, mbali ya bambo ake ndi anthu ochokera ku Arabia. Ku Zanzibar zimenezo si zachilendo, kwa zaka mazanamazana ngalawa zamatanga zinkabwera ndi mphepo kuchokera ku Oman, Yemen ndi India, anthu kugulitsana, kukwatirana, kuberekana, mpaka mitundu kulowana ngati nandolo mu mpunga.

Chinamusamutsa ndi cha 1964. Chaka chomwe ife kuno timavina kuti Nyasaland yatha, kumeneko kunali magazi. Zanzibar inalandira ufulu mu Disembala 1963, patangotha mwezi umodzi, pa 12 Januwale 1964, anthu anaukira boma, sultani Jamshid bin Abdullah anathawa, Abeid Karume anatenga mpando, ndipo anthu masauzande makamaka a magazi achiarabu ndi Amwenye anaphedwa, ena kutsekeredwa, ena kulandidwa nyumba ndi mashopu. Mu Epulo chaka chomwecho Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika, ndiye Tanzania tikuidziwayi. Mnyamatayu anali ndi zaka 15 akuona zonsezo ndi maso. Atakwana zaka 18 anathawira ku England, ndipo anafikanso nthawi yolakwika, chifukwa mu Epulo 1968 wandale wina dzina lake Enoch Powell anayankhula mawu oyatsa moto onyoza obwera, ndiye tangoganiza, kwanu wathawa chifukwa akuti ndiwe Mwarabu, uku wafika akuti ndiwe wakuda bwerera kwanu. Kwanu kwake kuti?

Ife tili ndi dzina la munthu wotere, mtchona. Uja anapita ku Halale kapena ku migodi ya ku Joni osabweranso, ngakhale kakalata kokha osalemba, akazi kumudzi mpaka kutopa n'kudikira. Gurnah sanapondenso ku Zanzibar mpaka 1984, ndipo anangopezerera bambo ake atatsala pang'ono kumwalira. Koma ndi mtchona wodabwitsa uyu, chifukwa mtchona weniweni amaiwala kwawo, pomwe uyu thupi lili ku Canterbury ku England koma cholembera chikungobwerera ku gombe lomwe lija, buku ndi buku, ngakhale nkhani iyambire ku London upeza yakokera kudoko la kwawo.

Pa mapepala ndi nzika ya Britain, ndipo Tanzania salola munthu wamkulu kukhala ndi unzika wa mayiko awiri. Atawina a ku Tanzania anakangana nazo zimenezi pa intaneti, ena akuti ndi wathu, ena akuti mwamudziwa lero chifukwa cha mphoto. Pulezidenti Samia Suluhu Hassan, yemwenso kwawo ndi ku Zanzibar, anamuyamikira poyera. Iwe pa mayeso ukangolemba kuti wobadwira ku Zanzibar, wokhala ku Britain, palibe angakudule malikisi.

FUNSO: Amalume moni. Ine ndili kuno ku Joni, ndimalondera usiku pa fakitale ina, zaka ndili ndi 34. Ndimalemba tinkhani mu hadikava, panopa makope atatu adzadza, koma sukulu ndinalekezera Fomu 2. Anzanga amati ndikutaya nthawi, zolemba ndi za anthu a madigiri ngati a Gurnah anuwo. Ndisiye?
Mlonda, Johannesburg

Achimwene, musasiye, koma sindikunamizani kuti ndi zophweka, ndipo anzanuwo sakulakwitsa zonse.

Choyamba mudziwe kuti a Gurnah anuwo sanayambire pa mpando wa pulofesa. Ku Canterbury kuja anagwirako ntchito yothandizira pa chipatala, osati udokotala ayi, zija zokankha odwala ndi kutsuka, ndipo buku lake lachiwiri, Pilgrims Way la 1988, mwini nkhani ndi mnyamata wobwera wogwira ntchito yomweyo mu tauni yomweyo. Kulemba anayamba ali ndi zaka pafupifupi 21, ndipo iye mwini amanena kuti sanayambe n'cholinga choti adzakhale wolemba mabuku. Ankangolemba mu kope zomwe zinkamudya mumtima, kupukwa kwawo, umphawi, kuzizira, kusowa woyankhula naye chiyankhulo chako, kenako tizidutswa tija tinayamba kukula, anthu ongopeka kuyamba kulowamo, osadziwa kuti nthano yayambika. Ndikukhulupirira mukuzizindikira zimenezi inuyo pa geti 2 koloko usiku.

Tsopano werengani zaka. Buku loyamba, Memory of Departure, linatuluka mu 1987 munthu ali ndi zaka 38. Inu muli ndi 34 mukuti mwachedwa? Kuchoka apo mpaka 2020 anatulutsa nthano zazitali 10, ndiye kuti pafupifupi buku limodzi pa zaka zitatu kapena zinayi zilizonse, osathamanga, ndipo nthawi yonseyo mabukuwo sindiwo ankamudyetsa. Ankadya za uphunzitsi.

Apa ndi pomwe anzanu aja akukhudzako choona. Mkuluyu anaphunzira zedi, anayambira pa Christ Church College ku Canterbury, anakaphunzitsa ku Bayero University ku Kano ku Nigeria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anatenga PhD yake ku University of Kent mu 1982 pa nkhani ya nthano za ku West Africa, ndipo anaphunzitsa pa Kent pompo mpaka kupuma mu 2017. Koma ine mmene ndimaonera, digiri sinamulembere ndi chiganizo chimodzi chomwe, aphunzitsi a mayunivesite alipo ambirimbiri omwe sangalembe nthano yoti munthu n'kuiwala nsima pa moto. Chomwe sukulu inamupatsa ndi zinthu ziwiri, malipiro a pa mwezi ndi laibulale. Inu malipiro muli nawo ngakhale ndi operewera, usiku wautali muli nawo, chomwe sindikumva mu kalata yanu ndi choti mumawerenga chiyani. Makope atatu olemba, nanga owerenga ndi angati? Pitani ku laibulale ya pafupi mukafunse, kapena kwa aja amayala mabuku pansi m'tauni, muziwerenga buku limodzi pa mwezi mpaka kumapeto ngakhale likuboweni.

Za mphoto musaziike m'mutu. Pa 7 Okutobala 2021 Gurnah anali kukhitchini kwake akukonza tiyi, zaka 72, wopuma pa ntchito, foni n'kulira. Woimbayo anali Mats Malm wa ku Swedish Academy, bungwe lopereka mphotoyo, kumuuza kuti wawina Nobel, ndipo mkuluyu anayesa ndi wina akumuseweretsa, ngati mmene ife timachitira ndi aja oimba kuti mwawina galimoto tumizani kaye ya mayunitsi. Anakhulupirira ataona dzina lake likulengezedwa. Ndalama yake inali 10 miliyoni ya ku Sweden, kupitirira 1 miliyoni ya madola. Koma chochititsa manyazi n'choti tsiku limenelo mashopu ambiri, ngakhale ku Britain ndi ku America komweko, analibe mabuku ake, ena anali atasiya kale kusindikizidwa, osindikiza anachita kuthamanga ngati nyumba yapsa. Zaka 34 munthu akutulutsa mabuku, owerenga ochepa.

Chinthu chimodzi chitani mawa lomwe, jambulani tsamba lililonse la makope anuwo ndi foni mudzitumizire pa imelo. Mkhukhu ukapsa, kapena akakugwirani a zamapepala, hadikava simukwera nayo basi.

FUNSO: Inu Amalume mumatikwana ndi kutamanda anthu othawa ziyankhulo zawo. Munthu wobadwa m'Chiswahili, chiyankhulo cha anthu mamiliyoni, n'kumalembera azungu Chingerezi, ameneyo ndi wolemba wa Africa? Yankhani mosaopa.
Bambo wa ku Kasungu

Bambo, kuopa ndiye ayi, ndipo theka la mkwiyo wanuwo ndili nawo ndemwe.

Mkangano umenewu ndi wakale. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya, yemwe watisiya mu Meyi 2025, anasankha njira yanuyo, atamangidwa kumapeto kwa 1977 analemba nthano ya Chigikuyu pa mapepala a kuchimbudzi m'ndende ya Kamiti, ndipo kuyambira pamenepo nthano zake ankayamba kulemba m'chiyankhulo cha amayi ake. Gurnah anapita njira ina. Chiswahili ndi chomwe anayamwa, koma kuwerenga kwake kwa mabuku, makamaka atafika ku England ali mnyamata, kunali kwa Chingerezi, ndiye dzanja linazolowera kumeneko. Mukhoza kunena kuti ndi chifukwa chosakwanira, chabwino.

Koma zoti amalembera azungu ndiye ndikukana, ndipo ndikukayika ngati munatsegulako buku lake. Chingerezi chake n'chodzadza ndi mawu a Chiswahili ndi Chiarabu, malonje, mapemphero, zotukwana, mayina a zakudya, ndipo anakhala akulimbana ndi osindikiza omwe ankafuna kuti mawu amenewo awapendeketse kapena awasinthe kuti mzungu asapunthwe. Munthu wofuna kusangalatsa azungu salemba buku lonse lonena za nkhanza za Ajeremani ku Tanganyika.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa. Nthano yake ya Paradise inatuluka mu 1994, inafika mpaka pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker, koma anthu a ku Zanzibar anadzaiwerenga m'Chiswahili mu 2022, Ida Hadjivayanis ataimasulira kukhala Peponi, osindikiza a Mkuki na Nyota a ku Dar es Salaam. Zaka 28, ndipo inadzatuluka Nobel itabwera kale. Zimenezo n'zowawa. Koma ndikufunseni bambo, mosaopanso, buku la Chichewa lomwe munagula ndi ndalama yanu komaliza ndi liti, kupatula aja ana amakakamizidwa pa MSCE? Kalata yanu yomweyi mwaiyamba ndi Dear Uncle, ndachita kukumasulirani ndine.

FUNSO: Amalume, ndine mphunzitsi wa History. Ndikufuna kudziwa kuti mkuluyu nzeru zake amazitenga kuti, ndipo ndiyambire buku liti. Komanso nkhani za ku Zanzibar zikutikhudza bwanji ife a kuno?
Mayi wa ku Nkhotakota

Mayi, mwa onse omwe alemba inu ndi amene funso lomalizalo simumayenera kufunsa kkkk, tulukani panja muyang'ane mzikiti ndi mpunga wa kwanuko.

Yambirani Paradise. Ndi nkhani ya Yusuf, mwana wa zaka 12 yemwe bambo ake akumupereka kwa wamalonda wolemera, Aziz, mwana akuyesa akupita kukacheza kwa amalume ake, osadziwa kuti waperekedwa ngati chikole pa ngongole. Mawu oti chikole tili nawo chifukwa mchitidwewo unaliko kunonso, si za ku gombe zokha. Mwanayo akukula m'shopu, kenako akutengedwa pa ulendo wa malonda wopita kumtunda, mzere wautali wa amtengatenga, nsalu ndi mikanda pamutu, kulipira msonkho kwa mafumu a m'njira, matenda, kubedwa, ndipo uku Ajeremani akulowa pang'onopang'ono kutseka njira zonse.

Mwafunsa komwe amatenga nzeru. Muzu woyamba ndi Korani ndi nthano zomwe mwana wa Chisilamu amamva akukula. Yusuf ameneyu ndi Yosefe yemwe uja, wogulitsidwa, wokongola mpaka kumuika m'mavuto, wolota maloto, ndipo mkazi wa bwana akumufuna mpaka malaya kung'ambika kumbuyo. Msilamu wa kwanuko komanso wa Sande sukulu onse aizindikira nkhaniyo osauzidwa. Wachiwiri ndi nthano zija za Aluya za usiku 1001, nkhani kubereka nkhani inzake. Wachitatu, womwe inu a History muukonde, ndi nkhani za maulendo zomwe amalonda achiswahili eniake anasimba ndipo Mjeremani wina, Carl Velten, anazisindikiza mu 1901, kuphatikizapo ulendo wofufuza womwe Gurnah anayenda ku East Africa cha m'ma 1990. Azungu amakonda kunena kuti bukuli likuyankha Joseph Conrad, uja analemba za mzungu wolowera mkati mwa Congo. Mwina, koma ine zimanditopetsa kuti chilichonse cholembedwa ndi munthu wa kuno chizikhala yankho kwa mzungu. Za ku England nazo anazimwa ndithu, dzina la buku lake la 2017, Gravel Heart, analitola mu sewero la Shakespeare.

Chomwe ndimamulemekezera ndi choti sanamizira kuti azungu asanabwere kuno kunali paradaiso, dzina la bukulo likuchita ngati kuseka. Munthu wa magazi achiarabu akanatha kubisa za ukapolo, koma iye akuonetsa amalonda a ku gombe akunyoza anthu a kumtunda kuti ndi osachangamuka, akugula ndi kugulitsa anthu, kwinaku akupemphera kasanu pa tsiku. Bukulo silifika ku Nkhotakota, ulendo wake ukulowera kwina, koma malonda ake ndi omwe aja anabweretsa Jumbe Salim bin Abdallah kwanuko m'zaka za m'ma 1840, akapolo ndi minyanga kuwoloka nyanja pa ngalawa, kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, kenako msika wa ku Zanzibar womwe unadzatsekedwa mu 1873. Ndi omwe aja a Mlozi ku Karonga, yemwe ananyongedwa mu 1895. M'kalasi timaphunzitsa zimenezi ngati madeti, Gurnah akukupatsani fungo la m'shopu ya munthu woteroyo, ndi mmene ankamwetulira.

Mukamaliza tengani Afterlives la 2020. Ili ndi la asikari, anthu akuda omwe ankamenyera nkhondo Ajeremani, kuchokera nthawi ya nkhondo youkira Ajeremani ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907 kudzafika nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Muli Ilyas yemwe anatengedwa ali mwana n'kukula akukonda Ajeremani omwewo, mlongo wake Afiya wosiyidwa m'manja mwa anthu ankhanza, ndi Hamza wobwerako ku nkhondo ali wosweka thupi ndi mtima. Funso lomwe likuvutitsa m'bukuli ndi loti munthu amamenyeranji nkhondo ya yemwe akumupondereza, ena mpaka monyadira.

Nkhondo imeneyo ndi yathu yomwe ija akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inakawombera ya Ajeremani pa nyanja yathu yomweyi, mu Sepitembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwidwa utengatenga. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za magazi a anthu akuda pa nkhondo ya eni, miyezi yochepa asanaukire mu Januwale 1915. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anazungulira nawo mpaka ku Mozambique n'kudzagonjera ku Abercorn, Mbala ya lero ku Zambia, mu Novembala 1918. Agogo anga aamuna ankasimba za bambo awo omwe anabwerako ku utengatenga ali ndi dazi pakati pa mutu chifukwa cha mabokosi, ndipo mpaka imfa sankafuna kumva fungo la nyemba zosapsa, ife tinkangoseka ngati nthabwala. Nditawerenga za Hamza ndinakhala chete kanthawi ndithu, chifukwa ndinazindikira kuti anthu omwe ankawomberana ndi gulu la agogo aja analinso ana a eni, ogwidwa chimodzimodzi tsidya linalo.

Ndikuchenjezeni chabe, mkuluyu sathamanga. Ngati mumakonda nkhani zoti tsamba lililonse wina wafa, mugona. Amatha masamba akufotokoza munthu akusesa pa sitolo, ndiye chinthu choopsa amadzachinena m'chiganizo chimodzi mofatsa ngati akupereka moni, mpaka umabwerera kuti kodi ndawerenga bwino. Ana a Fomu 3 muziwawerengera zidutswa, osawapatsa lonse.

FUNSO: Akadali moyo? Nanga mabuku akewo tingawapeze kuti kuno?
Wowerenga wa ku Area 25

Ali moyo, ndipo Nobel sinamugoneke, mu 2025 watulutsa lina lotchedwa Theft. Kupeza ndiye ntchito. Yesani m'mashopu a mabuku m'tauni ndi m'malaibulale, koma njira yodalirika ndi kutuma wachibale wochokera ku Joni kapena ku UK, ndipo amene mumamva Chiswahili tumani aja a geni opita ku Kariakoo ku Dar es Salaam akufunireni Peponi, ikwana pakati pa mabelo. Langa la Paradise ndinalitola pansi ku Limbe Nobel isanabwere, lili pakati pa buku la Biology ndi magazini akale, lopanda chikuto, wogulitsa anandichotsera mtengo chifukwa ankayesa ndi buku la tchalitchi losayenda malonda. Linabwerekedwa ndi mnzanga wina wa ku Mangochi mu 2022 kuti abweza pakutha pa sabata. Akulu, ndikudziwa mumawerenga tsamba lino, ndikulifunabe.